Dothi Lakuda la Achimwene

Mpaka lero ku Kadoma kuli anthu amene amalumbira kuti achimwene anga ali ndi golide. Ena mwa iwo ndi anthu aulemu wawo, ovala jekete Lamlungu lililonse, oimba kwaya. Ndikawamva mtima umandiwira, chifukwa ndine amene ndimatembenuza makolala a malaya a munthu akumunenayo kuti mbali yakutha ilowe mkati. Golide wake uti? Achimwene anali mphunzitsi, ndipo chuma chawo chonse chinali kamzere ka dothi lakuda pakati pa bwalo la sukulu.

Ndiyambe ndi masewerowo, poti ambiri a ife sitiwadziwa. Pa kiriketi, wina amaponya mpira wolimba kwambiri, mpirawo umagunda pansi kaye, ndiye wina aumenye ndi thabwa usanagwetse timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwake. Nkhani yonse yagona pa dothi limene mpirawo ukugundapo. Likakhala lokumbikakumbika, mpira umalumpha n'kugulula munthu mano. Likafewa, mpira umangofera pomwepo. N'chifukwa chake pakati pa bwalo pamakhala kamzere kapadera ka dothi lomata, lotsenderedwa mpaka kulimba ngati simenti. Izi ndinaziphunzira mosafuna, chifukwa chokhala mlongo wa munthu amene sankatha kumaliza chakudya osazitchula.

Tinabadwira pakomboni ya mgodi. Bambo athu anachokera ku Nyasalande ali mnyamata, analowa pansi pa mgodi, ndipo anatulukamo ndi chifuwa chimene chinadzawatenga. Achimwene anali ndi mutu wa sukulu komanso zala zazitali. Dziko litalandira ufulu, kunayamba kubwera anthu ophunzitsa kiriketi m'sukulu za anthu akuda, ndipo zala zija zinapeza ntchito. Iwo sankaponya mwamphamvu ayi. Ankaponya pang'onopang'ono, mpira ukuzungulira, n'kukhota ukangogunda pansi, womenya uja n'kutsala akumenya mphepo. Anapita ku yunivesite ku Harare kukaphunzira za nthaka, mitsinje ndi mapu, ndipo kumeneko analowa m'timu ya pasukulupo.

Kamodzi kokha ine ndi amayi tinakwera sitima kukawaonera. Tinakhala pa benchi mpaka miyendo kuchita dzanzi.

"Kodi ayamba liti?" anafunsa amayi.

"Ayamba kalekale, amayi."

"Nanga aja akupita kuti?"

"Kukamwa tiyi."

"Sukulu yonse ija kuti azikamwa tiyi dzuwa lili pamutu, atavala zoyera ngati anamwino?"

Koma masewero atayambanso, mwana wawo atagwetsa timitengo ta mzungu wina wamtali, amayi anaimirira n'kululutira nthungululu ya pakomboni. Ena onse ankangoomba m'manja mwaulemu, ndipo anacheuka kutiyang'ana. Amayi anawayang'ananso, n'kuiimbanso kachiwiri.

Bambo atamwalira, achimwene anamaliza maphunziro n'kubwerera kudzagwira ntchito. Ena ankati akanapitiriza masewerowo akanafika patali. Iwo eni ankakana, ankati analipo owaposa, ndipo sanali munthu wodzinamiza. Anawapatsa malo a uphunzitsi pasukulu ina ya sekondale pafupi ndi Ingezi, komboni ya ku Kadoma. Bwalo la pasukulupo linali la dothi lofiira, mbuzi zikudya m'mbali. Iwo analiyang'ana n'kunena kuti ana a pano nawonso adzasewera pa dothi loyenera.

Dothi loyeneralo analipeza m'mbali mwa mtsinje ku Muzvezve, lakuda bii, lomata m'zala. Ananyengerera woyendetsa lole ya thonje kuti aziwatengera akamabwerera wopanda katundu. Anakumba pakati pa bwalo, n'kuyala, n'kuthirira, n'kutsendera, n'kubzala kapinga, n'kumumeta mpaka kutsala pang'ono kuoneka dazi. Chaka chilichonse ankaonjezera lina pamwamba. Zinatenga zaka, ndipo ana a anthu a m'migodi ndi a m'mafakitale anayamba kugonjetsa sukulu zimene makolo awo ankangotchetchako udzu.

Anali ndi tizizolowezi tawo pa kamzereko, ndipo mutisunge m'mutu, chifukwa ndi timene tinadzawapachika. M'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi ankagwada pamenepo, n'kutulutsa kiyi wa pakhomo, n'kumubaya pansi kuti aone chinyezi. Ankatola kadothi n'kukafikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, maso atatsinzina. Anazunguliza chingwe kuti pasaponde munthu. Mitambo ikangoda, ankathamanga kukafunditsa dothilo lona, ngakhale kuchoka pakati pa ulaliki. Alamu anga, akazi awo, ankati anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi dothi.

Ine nthawi imeneyo ndinali ku Chegutu ndi amayi, ndikugwira ntchito pafakitale ya nsalu. Kenako inafika nyengo ya kulanda mapulazi a azungu. Sindidzanena kuti malo sanayenere kugawidwa. Koma ife ogawawo sanatione. Abale athu amene anabadwira m'mapulazi anathamangitsidwa pamodzi ndi eni mapulaziwo, n'kumagona m'mphepete mwa msewu wa ku Bulawayo ndi mapoto awo. Ukafunsa za malo ankakuyankha kuti ndinu mabulandaya, anthu opanda kwawo, bwererani. Tibwerere kuti? Ine Nyasalande ndimangomumva m'nyimbo za maliro. Dziko lonse linali kugawana nthaka, ife sitinalandire ngakhale pobzala tsabola. Nthaka yokhayo imene munthu wa m'banja lathu anaitchulapo kuti yanga inali kamzere kaja, ndipo ngakhale iko kanali ka sukulu.

Thonje linachepa, makina a pafakitale anayamba kuzima amodziamodzi, ndipo tsiku lina anatiuza kuti tikadikire kunyumba. Ndikudikirabe. Ndinayamba kugula tomato ndi matemba n'kumakagulitsa ku Kadoma, chifukwa kumeneko n'kumene kunali anthu okhala ndi kena kake m'thumba, okumba golide paokha, amene kuno timati makorokoza. Mkati mwa sabata ndinkagona kwa achimwene, kumapeto n'kubwerera kwa amayi.

Zimene ndinapeza ku Ingezi zinandikwiyitsa. Malipiro a mphunzitsi anali atasanduka nthabwala. Aphunzitsi ankachoka osatsanzika, lero ali m'kalasi, mawa mukumva kuti ali ku Joni akutsuka mbale. Sukulu zimene ankasewera nazo zinatsekedwa kapena zinasiya masewerowo. Mipopi inauma. Koma achimwene anatsala, akuphunzitsa makalasi awo ndi a anzawo othawa, ndipo madzulo ife akazi tinkaima pamzere ku mjigo, kusenza zidebe, zina za m'nyumba, zina zokathira pa dothi lopanda mbewu.

"Achimwene, madzi awa ndawavutikira. Bwanji osabzalapo rape?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Chemwali, likauma n'kung'aluka ndiye kuti latha. Zinthu zikadzabwerera m'malo, ana adzasewera pati?"

"Adzasewera ali ndi njala?"

"Njala idzatha. Thira cha uku."

Ndinathira, uku ndikutukwana chamumtima.

Mphekesera ndinayamba kuimva ine, kumsika. Mnyamata wina wa matope mpaka m'makutu ankasankha matemba, ndipo anandiyang'ana mwa chinsinsi.

"Sisi, achimwene anu aja ngochenjera. Pane chii pasi paya? Pansi paja pali chiyani?"

"Pati?"

"Pamene amagwada paja."

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Madzulo ndinawauza achimwene, nawonso anaseka, n'kunena kuti mnyamatayo abwere adzamuphunzitse kugwira thabwa. Koma nkhaniyo sinafe. Inakula, ndipo anthu anaiikira miyendo ndi manja. Munthu wake ndi mwana wa munthu wa mumgodi, bambo ake anamuuza pamene padutsa mwala wa golide. Ku yunivesite anaphunzira za nthaka. Ndi mbulandaya, ndipo mabulandaya amadziwa mankhwala. Wamisala ndani angathirire dothi lopanda mbewu madzi akusowa chonchi? Amafunditsa lona kubisa chiyani? Kiyi uja amatsegulira chiyani? Koma funso limene linandibaya kwambiri linali ili: anzake onse athawa, iye watsaliranji? Taonani anthu! Munthu watsala kuti ana anu asakhale opanda mphunzitsi, inu mukuti watsalira kulondera chuma.

Nthawi yomweyo mnzawo wina wa ku yunivesite, amene ankaphunzitsa ku Chegutu, anavomera kubweretsa timu yake. Uthengawo ndinayenda nawo ndine pakamwa. Anali masewero oyamba patapita nthawi yaitali, ndipo achimwene anasanduka mwana. Ankagwada pa dothi lija m'mawa, masana ndi madzulo. Ana a sukulu ankakoka chigudumu chachitsulo chotsenderera, chimene achimwene anachipempha pamene kalabu ya alimi achizungu inkatsekedwa. Anthu ankaima kunja kwa mpanda n'kumaonerera, n'kumagwedeza mitu, kuti mwaona, watsala pang'ono kufukula.

Ndiye wina anapala dothi lodzaza mbale m'mphepete mwa kamzereko, n'kukalitsuka kumtsinje. Pansi pa mbale panatsala kanthu konyezimira, kochepa kuposa mutu wa singano. Nanga n'chodabwitsa? Dothilo linachokera ku Muzvezve, kumene anthu amatsuka golide tsiku ndi tsiku. Koma pofika masana kanthu kaja kanali katakula m'kamwa mwa anthu mpaka kufanana ndi dzira.

Linali tsiku loti mawa lake ndi masewero, dzuwa likuswa mtengo. Ndili kumsika ndinaona anthu akuthamanga ndi mapiki, mafosholo ndi matumba, onse kulowera kusukulu. Ndinanyamula beseni langa la tomato n'kuwatsatira. Mpanda unali utagwa kale. Pakati pa bwalo panali achimwene, ataimirira pa dothi lawo, manja atatambasula, choko chili m'zala. Ankalankhula ngati ali m'kalasi, modekha, kubwereza kuti aliyense amve.

"Tamverani, abale anga. Dothi ili ndinabwera nalo ndine. Ndi lochepa, silipitirira chikhatho kuya kwake. Pansi pake pali dothi lofiira wamba. Ndinalitenga ku Muzvezve."

"Mwamva? Avomera okha! La ku Muzvezve!" anakuwa wina kumbuyo.

Ndinathamangira pakhonde la ofesi, pamene ahedi a sukuluyo anaima manja ali kumbuyo.

"Ahedi, bwalo la sukulu yanu ili. Bwanji osawaletsa?"

"Amai, mazuva ano, masiku ano, munthu saletsa anthu pa nkhani ya nthaka. Mukufuna andiotchere nyumba?"

Ndikanawamvera chisoni, chifukwa mantha analipodi masiku amenewo. Koma ndikutembenuka ndinaona wilibala ya sukulu, yolembedwa dzina la sukulu ndi penti, ikukankhidwa ndi mphwawo wa ahediwo kulowera pakati pa bwalo. Mantha ake otani okhala ndi wilibala?

Amene anaponya piki yoyamba sanali mlendo. Anali mnyamata wamtali amene achimwene anamuphunzitsa kuyambira ali mu fomu yoyamba, woponya mpira mwaliwiro kuposa onse amene anadutsa m'manja mwawo, amene anamugulira nsapato ndi ndalama za m'thumba mwawo. Anali atasiya sukulu n'kulowa m'maenje. Achimwene anamuzindikira asanaone nkhope, poona mmene phewa linazungulirira.

"Iwenso?"

"Ticha, pepani. Kumba kune nzara. Kunyumba kuli njala."

Sanakumbe paliponse ayi. Anayenda molunjika kukaima pamene mpira woponyedwa bwino umagunda, chifukwa ankadziwa kuti m'pamene aphunzitsi ake ankagwada kawirikawiri. Zimenezo anamuphunzitsa ndi iwo omwe. Piki inalowa, dothi linang'ambika, ndipo gulu lonse linakhamukirapo.

Anthuwo sanawamenye achimwene. Amuna awiri anangowanyamula m'khwapa n'kukawaika pambali, mmene umasunthira mpando ukafuna kusesa. Chimenecho chinandipweteka kuposa chibakera. Ndinaponya beseni lonse la tomato kumaso kwa mmodzi, wina ndinamuluma pamkono, ndipo ndinatukwana m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi cha bambo anga, chimene sindinkadziwa kuti ndimachikumbukira. Palibe anandilabadira. Azimayi amene ndinkaima nawo pamzere ku mjigo ankapakira dothi m'zitenje. Lona lija analidula m'zidutswa zonyamulira. Pofika madzulo dothi lakuda lonse linali litapita kumtsinje, ndipo anthu anali m'maenje ofika m'chiuno, akukumba lofiira.

Ku Chegutu kunalibe wodziwitsa timu ija. M'mawa mwake lole inaima pageti, ndipo ana anatsika atavala zoyera, zochapidwa popanda sopo koma zositidwa bwino. Anayenda mpaka pakati pa bwalo n'kuima mozungulira maenje, matabwa awo ali m'manja. Mphunzitsi wawo anavula chipewa.

Achimwene anatuma ana awo kukatenga mabenchi. Alamu anali atasunga masamba a tiyi kwa nthawi yaitali kudikira tsikuli, ndipo anabwera ndi tiyiyo m'ndowa, wopanda shuga, wopanda mkaka. Achimwene anaimika matimu awiriwo pamzere, alendo patsogolo, n'kumathira okha m'makapu, kuthokoza mwana aliyense chifukwa chobwera. Ine ndinaima patali. Ndinkafuna achimwene akuwe, atukwane, aphwanye zenera la ahedi. Iwo ankangofunsa ngati aliyense walandira. Ndinalira ndi ukali, osati ndi chisoni, ndipo ana aja atamwa anakweranso lole yawo.

Okumbawo sanapezepo kanthu pansi paja. Mukuganiza kuti anabwera kudzapepesa? Anati mwaona kuchenjera kwa mbulandaya, anachotsa kale, ife watisiyira maenje. Chigudumu chija chinasowa, ndipo ndinamva kuti chikuphwanya miyala kwinakwake kutchire. Ahedi anati poti bwalo lagalauzidwa kale, pabzalidwe chimanga cha aphunzitsi, ndipo anapempha achimwene kuti ayang'anire, poti ndiwo odziwa za nthaka. Achimwene anakwirira maenjewo okha ndi fosholo, kuopa kuti mwana angagweremo mvula ikabwera.

Sanafune kugonja. Mvula itatha anabwereka wilibala n'kunyamuka wapansi kupita ku Muzvezve kuti akayambirenso. Ndinapita nawo. Tisanatuluke n'komwe mu Ingezi, kumbuyo kwathu kunali amuna angapo ndi mapiki, akuyenda ngati ali pa ulendo wawo. Tikaima, nawonso ankaima. Achimwene anawerama pamalo ena, n'kufikisa dothi m'zala, n'kupukusa mutu, n'kupitirira. Titacheuka, pamalo paja anthu anali atayamba kale kukumba. Achimwene anaima nthawi yaitali akuwayang'ana, kenako anatembenuza wilibala. Tinabwerera nayo yopanda kanthu. Sabata yomweyo tinapeza kadimba ka alamu ka kuseri kwa nyumba katafukulidwa, masamba ali mizu m'mwamba.

Kuyambira pamenepo achimwene anasiya kugwira dothi. Anaphunzitsabe mpaka kupuma ntchito, akujambula mitsinje ndi mapiri pa bolodi, ndipo ana ambiri anakhoza mayeso chifukwa cha iwo. Njala inathadi monga ananenera, aphunzitsi ena anabwerako ku Joni ndi magalimoto, koma pabwalo paja sipanaseweredwenso kiriketi. Akamayenda mumsewu manja ankakhala m'matumba. Kiyi uja anatsala wotsegulira chitseko basi.

Amayi anamwalira patapita zaka zingapo. Ife tilibe mudzi wokaika maliro, ndiye tinawaika kumanda a tauni ku Chegutu. Anthu anabwera ambiri, a mpingo, a kufakitale, ndi ena ochokera ku Kadoma amene anadzaza lole. Bokosi litatsitsidwa, abusa anaitana ana a malemu kuti aponye dothi. Achimwene anayamba, poti ndiwo aakulu. Anawerama n'kutapa pa mulu. Linali lakuda, lonyowa pang'ono. Ndinaona maso awo akutsinzina, ndipo chala chachikulu chinayamba chokha kufikisa. Sankadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezo, misozi inali ikutsika.

Ine ndinakweza maso. Tsidya lina la dzenje, kumbuyo kwa azimayi a kwaya, amuna awiri a ku Kadoma anali atasiya kuimba. Wina anagunda mnzake ndi chigongono. Sankayang'ana bokosi la amayi anga, ankayang'ana zala za achimwene.

Ndinawagwira dzanja mwamphamvu n'kulikutumulira m'dzenje, pamaso pa abusa ndi anthu onse. Achimwene anandiyang'ana modabwa, kenako anayang'ana kumene ndinkayang'ana, ndipo anabweza dzanja lawo m'thumba. Mawa lake, anthu asanabalalike pa siwa, ndinagulitsa makina anga osokera n'kugula simenti. Mwambo umati tidikire chaka tisanawake manda, ndipo akuluakulu a mpingo anandidzudzula kuti ndathamangira chiyani. Manda a amayi tinawawaka sabata yomweyo, simenti yokhuthala, ine nditakhala pompo mpaka inauma.